Masipuleya Khumi ndi Anayi a Apongozi Anga

Ndidakwatira chikamwini ku Kaphuka, ndipo ndidakhalako zaka zinayi. Nyumba yathu idali chakumunsi kwa nyumba ya apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, moti utsi wa kukhitchini kwawo unkatsikira pakhomo pathu m'mawa uliwonse. Koma m'zaka zonsezo sindidalankhulepo nawo kupitirira moni. Kumeneko mwambo wa manyazi akadaugwiritsa. Tikakumana panjira iwo ankapatukira m'munda, ine n'kunyonyomala, moni n'kumapatsana chapatali, aliyense maso ali kumbali. Nkhani ikakhalapo inkadzera kwa mkazi wanga. Kunena zoona mwambowu unkandikomera, chifukwa munthu amene sakuyang'ana m'maso sangakufunse kuti lero wagwira chiyani.

Funso limenelo ndinkaliopa kwambiri. Ndidali ndi satifiketi ya Folomu 4 ndi ina ya kompyuta, zonse zili m'chikwama pansi pa bedi. Makalata ofunsira ntchito ndidalemba mpaka kutopa. Khasu ndinkaligwira ndithu, koma mtima uli kwina, ndipo mizere yanga ya mbatata ya kachewere inkadziwika mudzi wonse ndi kukhota kwake. Tidali ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zitatu, amene ankanditsata paliponse atagwira thalauza langa. Iyeyo yekha ndiye ankandiona ngati munthu wofunika.

Chaka chimenecho, anthu atangomaliza kukolola chimanga, mnzanga wina amene tidaphunzira limodzi adandiuza za kampani ina yogulitsa katundu pa intaneti. Inkagulitsa nyali za sola, mapoto, nsapato ndi zipangizo za ulimi. Ntchito yake idali yotere. Ukalembetsa, amakupatsa linki yako, kamzere ka zilembo kamene umatumizira anthu pa foni. Munthu akadina pakamzereko n'kugula, makina a kampani amadziwa kuti wabwera naye ndiwe, ndipo amakuikira kangachepe, komishoni. Akalowa yekha osadzera pa linki yako, palibe chako. Ndalamazo amakutumizira pa foni pokhapokha ukakwanitsa ogula khumi. Katundu sumugwira, sitolo sulipira, bwana sumuona. Nditamva zimenezi ndidati Mulungu wakumbuka anthu ophunzira.

Foni yanga idali yamabatani, yosalowa pa intaneti. Mkazi wanga adagulitsa nkhumba yake, imene adaiweta kuyambira ili kamwana, n'kundipatsa ndalama zonse m'manja kuti ndigule foni yaikulu. Sadanene zambiri. Adangoti, "Abambo ake a mwana, nayo nkhumba ija. Muiwete bwino."

Netiweki m'mudzimo inkagwira pathanthwe lina, pamwamba pa madimba. Pamenepo ndi pamene padali pantchito panga. Amene amadziwa mwezi wa Juni wa ku Dedza andimvetsa. Nkhungu inkachita kukwera kuchokera kudambo, zala n'kuuma, foni n'kumakana kumva chala. Anthu ankadutsa m'munsi ndi makasu paphewa n'kumakuwa kuti, "Abwana afika kale mu ofesi!" Ine ndinkaseka nawo, mumtima ndikuti sekani lero, tsiku lina mudzabwera kudzapempha ganyu.

Linki ija ndidaitumiza kulikonse. Gulu la anzanga a kusukulu, gulu la kwaya, gulu la okonda mpira, ngakhale gulu limene lidatsegulidwa pokonza maliro a mphunzitsi wathu wakale. M'magulu awiri adandichotsa, ndipo m'gulu la maliro lija adayamba andilalatira kaye. Anthu a m'mudzi nawo ankandimvetsera mwaulemu ndithu, kenako n'kufunsa kuti, "Katunduyo ali kuti, timuone?" Ndikawaonetsa chithunzi ankapukusa mitu. Munthu wa kwathu sagula poto asanaligogode. Miyezi isanu itatha ndidali ndi ogula atatu: mnzanga uja adagula nyali chifukwa cha chisoni, mphunzitsi wina wa ku Bembeke adagula nsapato, ndipo wachitatu sindimudziwa mpaka lero, koma ndinkamupempherera.

Mvula yoyamba itagwa, atsibweni a mkazi wanga adandiitana. Iwowa ndi mchimwene wa apongozi anga, mwini mbumba, ndiponso ndiwo adali ankhoswe a ukwati wathu. Adali munthu wosakweza mawu, ndipo n'chifukwa chake ankaopsa. Tidakhala pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba yawo.

"Akamwini," adatero, "ife sitidana ndi sukulu. Koma mbumba yanga ikulima yokha, inu muli pathanthwe. Nkhumba idapita. Mwana uja nsapato alibe. Ndiye timvane. Tikamakumba kachewere wa dzinja lino, tione chimene foniyo yabereka. Chikapanda kuoneka, mudzapite kwanu mukapume."

Ndidafuna kuwafotokozera za ogula khumi, koma adakweza dzanja. "Za m'katimo ndi zanu. Ife tikufuna choona ndi maso."

Ndidabwerera kunyumba. Kwathu ndi ku Mphunzi, si kutali kwenikweni, koma mkamwini akamapita kwawo amanyamula chikwama chokha. Mwana ndi wa kuchikazi. Ndidamupeza ali pakhonde akusewera ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo adandipatsako ziwiri kuti ndisewere naye. Kuyambira tsiku limenelo mantha sadandichokenso. Ndinkadya ndili nawo, ndinkakwera nawo pathanthwe.

Mu Januwale mvula idagwa yosalekeza, ndipo chiwawu chidalowa m'minda ya kachewere. Masamba ankayamba ndi timadontho takuda, pakatha masiku ochepa munda wonse n'kuoneka ngati wapsa ndi moto. Mankhwala anthu adali nawo, koma chopopera padalibe. M'mudzi monse mudali sipuleya imodzi, mpope uja wobereka kumsana, yakalekale, yodontha, ndipo anthu ankaidikira pamzere pamene mbatata ikufa. Kampani yanga inkagulitsa masipuleya. Ndidaona kuti mwayi wanga ndi umenewu, ndipo sindibisa, ndidakondwera ndi chiwawu cha anthu.

Ndidalalika za sipuleya ija ngati uthenga wabwino. Pamjigo, pachigayo, panja pa tchalitchi Misa ikatha. Ndinkafotokoza za kukula kwa thanki yake, za malamba ake osacheka mapewa, za kamlomo kake komwaza mankhwala bwino, ngakhale ndidali ndisanaionepo ndi maso. Amuna ankabwera pakhonde panga kudzaona zithunzi, n'kuvomereza kuti ndi yabwino ndiponso yotsika mtengo kusiyana ndi za m'sitolo, kenako n'kunyamuka akuti, "Tikaganize kaye." Chimene sindinkadziwa n'chakuti kuseri kwa mpanda wa udzu, apongozi anga ankamva zonse.

Tsiku lina masana, ndikulimbana ndi foni imene inkakana kutsegula, mkazi wanga adabwera n'kugwada pafupi nane.

"Amayi akufunsa," adatero. "Akuti kampani yanuyo dzina lake ndi chiyani?"

Ndidapsa mtima nthawi yomweyo. Ndidaganiza kuti ayamba kundifufuza ngati wakuba. Ndidang'amba pepala m'kope, n'kulembapo dzinalo ndi zilembo zikuluzikulu, n'kumuponyera. "Kawapatse. Akafufuze bwinobwino."

Adatola pepalalo, koma sadanyamuke. "Akutinso, kodi anthu akagula ku kampaniyo, inu amakulipirani?"

"Eya! Nanga ndikhalira chiyani pathanthwe paja?"

"Aliyense akangogula basi?"

"Iwe, zinthu izi n'zovuta, sungazimve. Ndati eya."

Mawu amenewa ndawabwereza m'mutu mwanga kambirimbiri. Mkazi wanga adalekeza sukulu Sitandade 8, koma ndi amene ankasunga buku la banki m'khonde ya amayi a m'mudzimo, ndipo sadasokonezepo. Za linki akadazimva pa mphindi ziwiri. Miyezi yonse ija sindidakhalepo naye pansi kumuonetsa mmene ntchito yanga inkayendera. Ndinkafuna kuti pakhomopo pakhale chinthu chimodzi chimene ndikuchidziwa ine ndekha.

Patatha masabata awiri, chakumadzulo dzuwa likadalipo, ndidamva nthungululu kumsewu. Ngolo ya atsibweni inkalowa m'mudzi itadzaza makatoni, amayi akuithamangira m'mbali. Ndidayandikira, ndipo pakatoni iliyonse padali chizindikiro cha kampani yanga. Ndidawerenga. Masipuleya khumi ndi anayi.

Mkazi wanga adandikokera pambali, nkhope ikuwala. Adati apongozi ndiwo adayenda khomo ndi khomo kunyengerera amayi a banki m'khonde kuti agule. Ena ankakana, akuti chinthu chosachiona sangachigule, koma apongozi adawauza kuti mkamwini wawo ndi wophunzira, sanganame. Iwo eni adagulitsa nkhuku kuti akwanitse yawo. Adagwirizana kuti ine ndisauzidwe, kuopa kuti ndingachite manyazi kuthandizidwa ndi apongozi. Ndalama adapatsira atsibweni pamodzi ndi kapepala kanga kaja, ndipo atsibweni adapita nazo ku Dedza boma kwa mwini sitolo wina, Msilamu amene amawagulitsa feteleza chaka ndi chaka, wodziwa kuitanitsa zinthu pa intaneti.

"Mwaona?" adatero mkazi wanga. "Amayi amakukondani. Pakamwa pokha ndi pamene satha."

Ndidayang'ana kukhomo kwa apongozi. Adaima pakona ya nkhokwe, atatembenukira kumbali monga mwa masiku onse, koma ndidaona tsaya lawo kuti akumwetulira. Ndidawomba m'manja mwaulemu. Kenako ndidathamangira kuthanthwe, ndikupemphera njira yonse kuti mwina, mwina. Ndidatsegula tsamba langa. Ogula adali atatu omwe aja.

Ndidayenera kunena tsiku lomwelo. Sindidanene. Ndikadayamba bwanji, mudzi wonse ukuvina? Mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo ine ndidalowa kuuna kwanga ndi maso ali tong'o. Ndidauza mkazi wanga kuti kampani imalipira kumapeto kwa mwezi wotsatira, ndi cholinga choti ndipeze nthawi yokonza zinthu.

M'mawa mwake ndidabwereka njinga kupita ku Dedza. Mwini sitolo uja adandilandira bwino, munthu wachikulire wa ndevu zoyera, n'kundipatsa mpando. Nditafotokoza, adagwira pakamwa.

"Achimwene, pepani," adatero. "Ine ndidawafunsa madala aja ngati alipo amene wawatuma, chifukwa ndimadziwa kuti pamakhala malinki. Adati mkamwini wawo amagwira ntchito komweko, kampani ikumudziwa kale. Ndiye ndidangolowa n'kugula."

Ndidamupempha kuti tibweze katunduyo, tiitanitsenso kudzera pa linki yanga, sipuleya iliyonse m'dzina la mwini wake. Adandiyang'ana mwachisoni n'kundifunsa ngati masipuleyawo akadali m'makatoni. Adali kale kumsana kwa anthu, m'minda, ali matope okhaokha.

Ndidalembera kampani. Adandiyankha mwansanga ndi mawu okonzeratu, othokoza chifukwa chokhala m'banja lawo. Ndidaimba foni mpaka mayunitsi kutsala pang'ono kutha, ndipo mtsikana wina waulemu adamvetsera nkhani yanga yonse, ya chiwawu, ya ngolo, ya nkhuku za apongozi. Ndidamuuza kuti ndikhoza kutumiza zithunzi za amayi onse khumi ndi anayi atabereka masipuleya. Adati akumvetsa, koma makina awo amaona linki yokha. Ndidamukalipira, kenako ndidamupepesa, kenako ndidamuchonderera ngati mwana. Ndidamuuza kuti ukwati wanga uli pa nkhani imeneyi. Adangoti, "Pepani bambo, lamulo lake ndi lomwelo limene mudavomera polembetsa." Sankanama ayi. Ndidalivomera ndine.

Chimene chidatsala chidali kupeza ogula ena asanu ndi awiri mwezi usanathe. Koma m'mudzi aliyense wofuna sipuleya adali nayo kale. Msika wanga ndidaukhutitsa ndekha. Ndidayamba kupita ku Dedza pafupipafupi, nthawi zina wapansi mpaka kumsewu waukulu. Ndinkaima pa depoti ya mabasi n'kumatsata aliyense wogwira foni yaikulu. "Bwana, nyali za sola. Mayi, mapoto abwino. Mungodina apa." Ena ankakumbatira zikwama zawo. Mayi wina adakuwa kuti ndikufuna kumubera ndalama za pa foni, ndipo ndidathawa anthu asanasonkhane. Ndidafika pouza mnzanga wa kusukulu uja kuti agulenso nyali, komishoni yonse ndidzamupatsa iyeyo, bola nambala ikwere. Adasiya kuyankha mauthenga anga. Pa mwezi wonsewo ndidapeza wogula mmodzi, wa supuni.

Kumudzi nako zinthu zidasintha moti ndinkalakalaka kunyozedwa kwa kale. Chiwawu chidagonja, minda idabiriwira, ndipo anthu ankandiyamika. Omwe ankandiseka pathanthwe adayamba kunena kuti, "Abwana, zikatuluka musatiiwale." Apongozi adatumiza nkhuku yophikaphika, ya mkamwini. Ndidaidya ndithu. Mkazi wanga ankawerengera zogula, akuti choyamba nsapato za mwana, chachiwiri kamwana ka nkhumba. Ine ndinkangoti inde, inde.

Mwezi udatha. Sabata ina idatha. Mkazi wanga ndidamuuza zoona tili kumunda, tikupalira nyemba, mwana ali pamthunzi. Ndidatulutsa foni n'kumufotokozera za linki kuyambira pachiyambi, bwinobwino, monga ndikadachitira kalekale. Adamva msanga, ndisanamalize n'komwe. Adaika khasu pansi.

"Ndidakufunsani," adatero. "Ndidagwada, ndidakufunsani kawiri."

"Udandifunsa."

"Munati sindingamve."

Sadalire, sadakalipe. Adabereka mwana n'kutsika kumudzi, khasu lake n'kulisiya pomwepo.

Nkhani idakambidwa Loweruka, pakhonde la apongozi. Atsibweni adakhala pampando, ankhoswe a kwathu adabwera kuchokera ku Mphunzi, ine ndili pansi. Apongozi adali m'nyumba, chitseko chili chotsegula pang'ono, mkazi wanga atakhala pakhomo kuti azipereka mawu awo.

Atsibweni sadakhulupirire kalikonse. "Ndalama ndidanyamula ndine. Katundu ndidabwera naye ndine. Dzina la kampani mudalemba ndi dzanja lanu. Lero mukuti kampani sikudziwa? Nanga ku Dedza mumakatani masiku onsewa? Anthu amakuonani pa depoti mukutsata azimayi."

Ndidalumbira. Ndidawapatsa foni kuti aone okha, koma adaikankha. Adati zolemba za m'foni munthu amatha kufufuta. Kenako adapitiriza. "Ngati mudalandira n'kudya, ndinu wakuba. Ngati simudalandire, ndiye kuti chaka chathunthu mwagwirira ntchito anthu osadziwa n'komwe nkhope yanu. Sankhani nokha, akamwini, chimene tikauze mbumba."

M'nyumba mudamveka kunong'ona. Mkazi wanga adatchera khutu, kenako adalankhula maso ali pansi. "Amayi akuti iwo akukhulupirira kuti simudadye. Akungofuna kudziwa kuti adalakwitsa pati."

Ndikadakonda akadanditukwana. Ndidafotokoza, ndikuyang'ana chitseko, kuti sadalakwitse kalikonse, kungoti pogula pankafunika kuti adzakhale ndi ine, tidine pa foni yanga kapena ndiwatumizire kamzere kaja. Kenako kunong'ona kuja kudamvekanso, ndipo ulendo uno mawu adakwerako moti ndidawamva ndekha mkazi wanga asanawabwereze.

"Akuti akadakhala nanu bwanji pamphasa imodzi, mitu itagundana pa foni, inu muli mkamwini wawo? Akuti mukadangonena, akadatuma ine."

Pamenepo ndidalira, pamaso pa atsibweni ndi ankhoswe anga. Sizidasinthe kanthu. Kachewere adali atakhwima, ndipo pangano lidali pangano. Atsibweni adati ndipite kwathu ndikapume kaye, mitima ikatsika adzanditumizira uthenga. Ndidayang'ana mkazi wanga kuti mwina anenapo mawu amodzi. Ankakonza mpango wake kumutu. Sindimuimba mlandu. Nkhumba idali yake, ndipo amene adachita manyazi pamaso pa amayi a banki m'khonde ndi mayi ake.

Ndidanyamuka Lolemba mwana ali kumjigo ndi amake. Mkazi wanga adachita dala kuti mwanayo asandione ndikupita, ndipo ine ndidavomera chifukwa ndikadalephera kuchotsa dzanja lake pathalauza langa.

Tsopano papita zaka ziwiri, uthenga uja sunabwere. Ndimalima munda wa mayi anga ku Mphunzi, ndipo ndikapeza kangachepe ndimatumiza sopo ndi shuga. Ku Kaphuka ndapitako kangapo, koma mlendo wotere amakhala pakhonde la atsibweni, amacheza ndi atsibweni, n'kuuzidwa kuti mwana ali kwa anzake. Mwezi wathawu ndidakumana nawo mwangozi pamsika ku Bembeke. Mkazi wanga ankagulitsa kachewere m'zidebe, mwana atakhala pathumba pambali pake, atatalika, ali ndi mpata wa mano kutsogolo. Tidapatsana moni ngati anthu aulemu. Ndidagula mandasi awiri n'kumuitana mwanayo. Adayang'ana amake kaye. Atamugwedezera mutu, adabwera, n'kugwada patali pang'ono monga amaphunzitsira ana kugwadira alendo, n'kulandira ndi manja awiri.

"Zikomo," adatero.

Adabwerera pathumba paja. Ndidatsanzika, ndipo ndisanapite patali ndidamumva akufunsa ndi mawu ake omwe aja, okweza, osadziwa kunong'ona.

"Amayi, abambo ajawa kwawo n'kuti?"